Tirigu Wogona M'chisanu ndi Majini Odziwa Nthawi

 Lero tinyamuke m'maganizo tipite kutali, ku minda ikuluikulu ya ku Ukraine, kummwera kwa Russia, ku Kansas m'dziko la America ndi ku Saskatchewan m'dziko la Canada. Kumeneko alimi amachita chinthu chimene mlimi wa ku Dedza kapena ku Mzimba angati n'kutaya mbewu. Amafesa tirigu pakati pa mapeto a Ogasiti ndi Okutobala, kuzizira kutafika kale pakhomo. Tiriguyo amamera, n'kutulutsa masamba angapo ndi timphukira, kenaka nthaka imauma gwa ndi chisanu, chipale chofewa n'kukwirira munda wonse. Kwa miyezi itatu, inayi, kwina mpaka isanu, mmerawo umangokhala duu. Kukayamba kufunda cha mu Malichi kapena Epulo umadzuka, n'kukula, n'kutulutsa ngala, ndipo pakati pa Juni ndi Ogasiti makina okolola amakhala ali m'munda. Tirigu wambiri amene Russia ndi Ukraine amagulitsa kunja ndi wotere. Ndipo popeza ufa wambiri wa buledi, mandasi ndi masikono amene timadya kuno umachokera ku tirigu wogulidwa kunja, nkhani ya mmera wogona m'chisanuwu imafika mpaka pa tiyi wathu wam'mawa.

N'chiyani chimateteza mmera wanthete chonchi pamene mitsinje yaundana mpaka anthu n'kumayendapo? Ambiri angayankhe kuti mbewuzo n'zolimba mwachibadwa, basi. Yankho limenelo lili ndi choonadi pang'ono chabe. Tengani mbewu yotchedwa rye, msuweni wake wa tirigu, imene imaposa mbewu zonse zangala pa kupirira chisanu. Mukaichotsa pamalo ofunda n'kuiika mwadzidzidzi pozizira madigiri 5 kunsi kwa ziro, imafa. Mbewu yomweyo ikayamba yakhala masabata angapo pozizira pang'ono, pamwamba pa ziro, imatha kupulumuka ngakhale pa madigiri 30 kunsi kwa ziro. Mbewu ndi imodzi, majini ake ndi omwewo, koma lero yafa, mawa yapirira. Ndikamati majini sindikunena mizimu ija ya m'nthano ayi. Ndikunena malangizo olembedwa mu DNA, m'kati mwa selo lililonse la chamoyo, amene kholo limapatsira mwana wake. Jini lili ngati tsamba limodzi la buku lalikulu, ndipo selo siliwerenga masamba onse nthawi imodzi: ena limatsegula, ena limatseka, malinga ndi zimene zikuchitika kunja. Ndiye mfundo imene ndikufuna kuikhazika lero ndi iyi. Kupirira chisanu ndi ntchito imene majini amaiyamba nthawi ikakwana, n'kuisiya nthawi ikatha. Amene akufuna kumvetsa mbewu zimenezi, kapena kuzikonza kuti zipirire koposa, ayenera kuyang'anitsitsa pa nthawiyo kuposa china chilichonse.

Tiyambe ndi mmene chisanu chimaphera. Anthu ambiri amaganiza kuti madzi a m'kati mwa selo amaundana n'kuliphulitsa ngati botolo lodzadza loiwalika mufiriji. Zimenezo zimachitika kuzizira kukagwa mwadzidzidzi kwambiri, koma m'munda nthawi zambiri sizikhala choncho. Madzi amayamba kuundana kunja kwa maselo, m'timipata ta pakati pawo. Ayezi ameneyo amakoka madzi kuchokera m'kati mwa selo, monga mmene mchere umakokera madzi mu nyama kapena nsomba yoti iumitsidwe. Kuzizira kukamakula, ayeziyo amakokanso madzi ochuluka, moti pofika madigiri 10 kunsi kwa ziro selo limakhala litatsala pang'ono kuuma. Limafota, ndipo kakhungu kopyapyala kamene kamalikuta kamakwinyika n'kuwonongeka. Kukafunda, madzi n'kubwerera, kakhunguko kamang'ambika kapena kudontha, selo n'kufa. Peter Steponkus wa pa yunivesite ya Cornell anathera zaka zambiri akuonetsetsa zimenezi pa maselo a rye, ndipo ntchito yake inaonetsa kuti malo oyamba kuvulala ndi kakhungu kameneka. Choncho mmera wophedwa ndi chisanu umafa ndi ludzu uli pakati pa madzi, madzi ake omwe amene aundana. N'chifukwa chake majini ambiri oteteza ku chisanu ndi omwewonso amene amadzuka pa chilala. Komanso si mmera wonse umene uyenera kupulumuka. Masamba angapse, mizu yambiri ingafe. Chofunika ndi phata, kachigawo kakang'ono ka kunsi kwa tsinde, kobisika masentimita 2 kapena 3 m'nthaka, kamene kamatulutsa mizu ndi masamba atsopano. Phata likakhala lamoyo, munda uli moyo. Likafa, mlimi alimenso.

Tsono m'masabata aja ozizira pang'ono, kutentha kukatsika kunsi kwa madigiri 10, phatalo limakhala pa kalikiliki ngati mudzi umene wamva kuti chaka chikubweracho n'cha njala. Limasunga shuga wambiri, makamaka wa mtundu wotchedwa fructan, amene amachepetsa madzi otuluka m'selo ndi kutchinjiriza kakhungu kaja. Limasintha mafuta a m'kakhunguko kuti kasaume ngati chikopa chakale. Limapanga mapuloteni otchedwa dehydrin, amene amakuta tinthu tosalimba ta m'selo madzi akachoka. Ndipo mu 1992 Marilyn Griffith wa pa yunivesite ya Waterloo ku Canada anapeza kuti masamba a rye wozolowera kuzizira amatulutsira m'timipata tija mapuloteni omatirira pa timibulu ta ayezi, otiletsa kukula n'kukhala mipeni yobaya maselo. Ntchito zonsezi zimafuna majini mazanamazana. Funso limene linavutitsa asayansi kwa nthawi yaitali linali lakuti, amene amaliza belu kuti onsewa adzuke pamodzi ndani?

Yankho linayamba kuoneka mu 1997, osati pa tirigu, koma pa kaudzu kakang'ono kotchedwa Arabidopsis, kamene ofufuza amakakonda chifukwa kamakula msanga. Eric Stockinger, Sarah Gilmour ndi Michael Thomashow a pa Michigan State University anapeza jini limene analitcha CBF1. Chaka chotsatira gulu la Kazuko Yamaguchi-Shinozaki ndi Kazuo Shinozaki ku Japan linafotokoza majini a banja lomwelo, n'kuwatcha DREB1. Jini la CBF silipanga shuga kapena dehydrin lokha. Ntchito yake ndi ya ukapitawo. Kuzizira kukagunda selo, kashiamu amalowa m'kati mwamsanga ngati uthenga, ndipo m'mphindi pafupifupi 15 majini a CBF amakhala atatsegulidwa. Puloteni imene amapanga imayendera DNA kufunafuna chizindikiro chachifupi cha zilembo zisanu, CCGAC, chimene chimapezeka kutsogolo kwa majini ambiri oteteza. Paliponse pamene yapeza chizindikirocho imakhala, jini la pamenepo n'kuyamba ntchito. Umboni wamphamvu unabwera mu 1998, pamene gulu la Thomashow linakonza Arabidopsis woti CBF1 wake azikhala wotseguka nthawi zonse. Zomerazo zinapirira chisanu popanda kuzoloweretsedwa kuzizira. Belu linali litapezeka.

Pamene zimenezi zinkachitika ku America ndi ku Japan, akatswiri a tirigu anali atayenda kale njira ina. Ku Martonvásár m'dziko la Hungary, József Sutka ndi Gábor Galiba ankagwiritsa ntchito tirigu wosapirira wotchedwa Chinese Spring amene anamulowetsera makromozomu amodziamodzi ochokera kwa tirigu wopirira wa ku Nebraska, Cheyenne. Kromozomu ndi mtolo wa DNA. Tirigu wa buledi ali nayo 42, yogawika m'magulu 7. Anaona kuti gulu limene likunyamula mphamvu yaikulu ya kupirira ndi la nambala 5. Kwa ife olankhula Chichewa n'zosavuta kukumbukira: nkhani ya chisanu ili pa kromozomu yachisanu. Pa kromozomu imeneyi anapezapo malo awiri ofunika, amene anawatcha Fr-1 ndi Fr-2, ndipo ofufuza a ku Italy anapeza malo awiri omwewo pa balere, pokwatitsa mitundu ya Nure ndi Tremois. Atafukula pa Fr-2, anapeza abale a CBF aja atandandalikana ngati nyumba za banja limodzi. Pa tirigu wakalekale wotchedwa einkorn anawerengapo 11 mu 2006. Kenaka Stockinger yemwe uja, ali ku Ohio State University, ndi anzake anaonetsa mu 2010 kuti balere wopirira, monga Nure ndi Dicktoo, ali ndi makope ochuluka a majini ena a CBF kuposa balere wosapirira. Pa tirigu zinaonekanso kuti mitundu imene inataya gawo la majiniwa imafa msanga ndi chisanu. Mpaka pamenepa munthu angati nkhani yatha: akapitawo akachuluka, ntchito imayenda.



Tsopano tafika pa mtima wa nkhani, pa malo aja otchedwa Fr-1. Tirigu wofesedwa kuzizira kusanafike ali ndi vuto lachiwiri. Akafulumira kutulutsa ngala, ngalazo zikumana ndi chisanu, ndipo maluwa alibe chitetezo cha phata lobisika m'nthaka. Choncho tirigu wotere satulutsa ngala kufikira atamva kuzizira kwa masabata ambiri, kawirikawiri 4 mpaka 8. Mukamufesa kumalo ofunda amangokhala udzu wobiriwira wosabereka. Majini oyendetsa kudikiraku anawapeza a gulu la Jorge Dubcovsky pa University of California ku Davis: VRN1 mu 2003, VRN2 mu 2004, ndi VRN3 mu 2006. VRN2 ndi mlonda wotseka chipata cha maluwa. Kuzizira kukamapitirira, VRN1 amakwera pang'onopang'ono, ngati munthu woponya mwala umodzi m'dengu tsiku lililonse lozizira, ndipo akafika pokwanira amamuchotsa mlonda uja. Masiku akayamba kutalika, VRN3 amatumiza uthenga kuchokera m'masamba kupita ku nsonga ya m'phata kuti yambani kupanga ngala. Tsono mvetserani: ofufuza atayerekeza mapu a majini, anapeza kuti Fr-1, malo a kupirira chisanu, ndi VRN1, jini la maluwa, ali pamalo amodzi. Umboni wochuluka ukusonyeza kuti ndi jini limodzi. Mu 2010 gulu la Dubcovsky ndi Galiba linaonetsa kuti einkorn wopanda VRN1, amene satulutsa ngala, amasunga majini ake a CBF ndi oteteza ali amphamvu masiku akatalika, pamene mnzake wokhala ndi VRN1 amawafooketsa. Dzanja limene limatsegula chipata cha kubereka ndi lomwelo limene limazimitsa moto wa chitetezo.

Brian Fowler wa pa yunivesite ya Saskatchewan, amene anathera moyo wake wa ntchito pa tirigu wa m'chisanu, anali atafika pa mfundo yomweyi poyeza maphata sabata ndi sabata. Anaona kuti kupirira kumakwera mpaka pa nthawi imene mmera wakwanitsa kuzizira kumene umafuna kuti ubereke, kenaka kumayamba kutsika ngakhale kunja kukuzizirabe. Anafotokoza kuti pali majini onena kuti chitetezo chikhale champhamvu motani, ndipo pali ena onena kuti chikhale nthawi yaitali motani. Ine ndikuona kuti achiwiriwa ndi amene anthu sawapatsa ulemu wowayenera. Taonani zimene zimachitika ku Australia. Kumeneko nthaka siundana ngati ku Canada, koma alimi a tirigu amaopa chisanu kwambiri, chifukwa chimabwera usiku wopanda mitambo cha mu Ogasiti mpaka Okutobala, tirigu ali pa maluwa. Madigiri 2 kapena 3 okha kunsi kwa ziro amakwanira kupha mungu ndi timaluwa, ngala n'kukhala zoyera zopanda kanthu. Mtundu wa mbewu umene phata lake limapirira madigiri 20 kunsi kwa ziro ukugonja pa madigiri 3, chifukwa nthawi yake ya chitetezo inapita. Ku America zinaoneka mu 2007: Malichi anafunda modabwitsa, tirigu n'kudzuka msanga, kenaka kumayambiriro kwa Epulo chisanu chinabwerera n'kuwononga minda yambiri kuyambira ku Kansas kupita chakummawa. Kuzizira kwa Epulo ameneyo kunali kochepa poyerekeza ndi kumene tirigu yemweyo anapirira mu Januwale.

Pali zotsutsa zingapo, ndipo n'zoyenera kuziyankha. Wina anganene kuti: ngati mbewu imaphunzira kupirira, bwanji osangoiphunzitsa, kenaka ana ake n'kubadwa odziwa kale? Maganizo amenewa anayesedwa, ndipo mtengo wake unali wowawa. Ku Soviet Union, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, Trofim Lysenko anatchuka chifukwa chonyowetsa mbewu za tirigu n'kuziziziritsa kuti zibereke zikafesedwa nyengo yozizira itatha. Chinthucho pachokha chinali choona, ndipo Gustav Gassner wa ku Germany anali atachifotokoza kale mu 1918. Bodza linali pa zimene Lysenko anawonjezera, zoti kusinthaku kumapita kwa ana ndipo majini n'nkhambakamwa. Boma la Stalin linamukhulupirira. Nikolai Vavilov, katswiri wamkulu amene anasonkhanitsa mbewu kuchokera m'maiko ambiri, anamangidwa mu 1940 n'kufera m'ndende ku Saratov mu 1943, ndipo mu 1948 maphunziro a majini analetsedwa m'dzikolo. Lero tikudziwa chifukwa chake Lysenko analakwa. Mmera umakumbukiradi kuzizira: ofufuza a ku CSIRO ku Australia anaonetsa pa balere kuti kuzizira kumasiya zizindikiro pa mapuloteni okulunga DNA ya VRN1, jinilo n'kukhala lotseguka ngakhale kutafunda. Koma chikumbukiro chimenechi sichipitirira ku mbewu yatsopano. Mwana amayamba dengu lake lili lopanda mwala. Ndipo ziyenera kutero, pakuti akanabadwa akuganiza kuti nyengo yozizira yadutsa kale, akanatulutsa ngala chisanu chili pakhomo. Tirigu amene safuna kudikira, monga amene amalimidwa kwathu ku Tsangano ndi ku Neno, anasinthika m'zilembo zenizeni za DNA, kawirikawiri pa VRN1 pomwepo, osati chifukwa chophunzitsidwa.

Chotsutsa chachiwiri n'chamakono, ndipo chili ndi nzeru. Ngati CBF ndiye belu, bwanji osalisiya likulira nthawi zonse, VRN1 anene zimene anganene? Izinso zinayesedwa. Gulu la a Shinozaki linaona kuti Arabidopsis wokhala ndi DREB1A wotseguka nthawi zonse amapiriradi chisanu ndi chilala, koma amapinimbira kwambiri. Ofufuza a ku Adelaide ku Australia anaona zofanana pa tirigu ndi balere: kupirira kunakwera, koma kukula kunachedwa, maluwa anachedwa, zokolola n'kutsika. Chifukwa chake n'chomveka. Shuga amene wasungidwa m'phata sanapite kukamanga tsinde, ndipo CBF amachepetsanso mphamvu ya gibberellin, timadzi tolimbikitsa kukula. Walira mvula walira matope. Wofuna chitetezo chosazima alandire mbewu yosakula. Chochititsa chidwi n'chakuti ofufuza a ku Japan aja anachepetsa vutoli pomangirira jinilo ku kachidutswa ka DNA kamene kamalitsegula pokhapokha vuto likafika. Kunena kwina, anabwerera ku nkhani ya nthawi.

Nanga chimanga ndi mpunga, mbewu zathu? Apa ndi pamene maloto a jini limodzi amathera. Chimanga ndi mpunga nazonso zili ndi majini a banja la CBF, ndipo amadzuka kukazizira. Koma mbewuzi sizizolowera chisanu ngati tirigu. Belu limalira, koma antchito obwera sakwanira. Makolo a chimanga anachokera ku Mexico, a mpunga ku madera ofunda a Asia, ndipo vuto lawo limayamba madzi asanaundane n'komwe. Chimanga chimasiya kukula kutentha kukatsika cha pa madigiri 10. Aliyense wolima m'dimba mu Juni ndi Julayi kumadera okwera amadziwa mmera wochedwa, wamasamba otuwa kapena ofiirira, ndipo chisanu chikagwa m'dambo usiku umodzi masamba amapsa ngati awathira madzi otentha. Ngakhale chimanga cha kumapiri a ku Mexico, cha mapesi ofiirira ndi aubweya chimene chimakula kozizira, sichingagone pansi pa chipale chofewa. Mpunga uli ndi nthawi yake yoopsa, pamene ngala ili m'mimba ndipo mungu ukupangika. Mu 1993 dziko la Japan linakhala ndi chilimwe chozizira, zokolola za mpunga n'kutsika kufika pa 74 pa 100 iliyonse ya chaka chabwinobwino, mpaka linagula mpunga ku Thailand, China, America ndi Australia. Mtundu wotchuka wa Sasanishiki unavulala kwambiri, ndipo alimi ambiri anasamukira ku Hitomebore, wopirira kuzizira. Mu 2015 gulu la Chong Kang ku Chinese Academy of Sciences linafotokoza jini lotchedwa COLD1, limene limathandiza mpunga kumva kuzizira n'kulowetsa kashiamu m'selo; kusiyana kwa chilembo chimodzi m'jinili kumathandiza mpunga wa mtundu wa japonica kupirira kuposa wa indica. Kumeneko n'kupita patsogolo kwenikweni, koma n'kupirira kuzizira kwa pamwamba pa ziro. Amene angakuuzeni kuti jini limodzi la rye lisandutsa chimanga kukhala mbewu ya m'chisanu akulonjeza zimene umboni sunaonetse.

Chotsutsa chachitatu chimachokera kwa alimi enieniwo, ndipo ndikuchilemekeza kuposa zinazi. Iwo amati chimene chimapulumutsa tirigu ndi chipale chofewa, osati majini. Akunena zoona zambiri. Ku Saskatchewan mpweya ungazizire mpaka madigiri 40 kunsi kwa ziro, ndipo palibe tirigu amene phata lake lingapirire zimenezo. Norstar, mtundu wotuluka ku Lethbridge ku Canada mu 1977 umene ndi muyezo wa kupirira mpaka lero, amathera cha pa madigiri 20 ndi pang'ono kunsi kwa ziro. Chipale chofewa ndiye bulangeti. N'chifukwa chake Fowler yemwe uja ankalimbikitsa kufesa tirigu m'ziputu zoimirira za mbewu yokololedwa kale, osagaula, kuti ziputuzo zigwire chipale mphepo isachiulutse. Nyengo yozizira ya 1971 mpaka 1972 ku Soviet Union inali yoopsa ndipo chipale chinali chochepa. Tirigu wambiri anafa, chilala n'kutsatira, dzikolo n'kugula chakudya chochuluka ku America mu 1972, mitengo ya tirigu n'kukwera padziko lonse. Tiyeneranso kuvomereza kuti obereketsa mbewu sanapite patali kwambiri kuposa mitundu yakale ya ku Crimea ndi Kharkiv, ya gulu la Turkey Red amene a Mennonite anafika naye ku Kansas mu 1874. Ngakhale kukwatitsa tirigu ndi rye, kumene kunabala mbewu ya triticale, sikunabweretse kupirira konse kwa rye. Mwanayo amatsata kwambiri mbali ya tirigu. Komabe bulangeti limathandiza wamoyo wokonzeka. Pansi pa chipale chomwecho balere amafa pamene tirigu wapulumuka, tirigu amafa pamene rye wapulumuka. Ndipo malangizo onse a mlangizi wa kumeneko, oti fesani pa nthawi yake, musakwirire mozama, mmera ulowe m'chisanu uli ndi masamba atatu kapena anayi ndi phata lokhwima, cholinga chake n'chimodzi: kupatsa majini aja masabata ndi shuga wokwanira kuti agwire ntchito. Mmera mpoyamba, akuluakulu anatero, ndipo kumeneko mawuwa ndi enieni.

Chotsala n'chimene ambiri akuganiza pakali pano: dziko likutentha, ndiye nkhani ya chisanu ikutha yokha. Ngati kupirira kukanakhala chinthu chokhazikika m'mbewu, zikanakhala choncho. Koma taona kuti kumadalira ndondomeko ya nyengo. Miyezi ya Okutobala ndi Novembala ikafunda, mmera umachedwa kukhwima, chisanu choyamba n'kuupeza usanakonzeke. Pakati pa nyengo yozizira pakagwa masiku ofunda, chipale chimasungunuka, bulangeti n'kuchoka, ndipo madzi otsalawo akaundananso amapanga chiphaphati cha ayezi chimene chimatsamwitsa mmera. Choipa koposa n'chakuti chitetezo chimene chimatenga masabata kuti chimangidwe chimatha kugumuka m'masiku ochepa ofunda, ndipo mmera umene VRN1 wake wakwera kale sutha kuchimanganso mokwanira. Kutentha kumafulumizitsanso maluwa, n'kuwaika pa masabata amene chisanu chomaliza chimagwa. Nyengo yozizira yofunda koma yosinthasintha ingaphe tirigu wambiri kuposa yozizira kwambiri koma yokhazikika.

Nanga obereketsa mbewu akuchitapo chiyani? Mapu a DNA ya balere anatuluka mu 2017, a tirigu mu 2018 ndi a rye mu 2021, ndipo lero obereketsawo sayeneranso kudikira chaka choipa kuti aone mzere umene upulumuke. Amadula kachidutswa ka tsamba, n'kuyeza mu labotale mtundu wa VRN1 umene mmera uli nawo ndi mmene majini a pa Fr-2 alili, n'kusankha zophatikiza zoyenera dera lililonse. Njira ina imene ine ndikuiona kuti ili ndi tsogolo ikuonekera pa balere uja Dicktoo. Iye alibe mlonda VRN2, choncho safuna kuzizira kuti abereke, komabe amapirira chisanu bwino akafesedwa nyengo yozizira isanafike. Chimene chimamugwira kuti asathamangire maluwa ndi kufupika kwa masiku. Fowler ndi anzake anaonetsa kuti Dicktoo akakhala m'masiku aafupi amachedwa kuyamba ngala, majini ake oteteza n'kukhala otseguka nthawi yaitali, pamene m'masiku aatali chitetezo chake chimatsika msanga. Patrick Hayes wa pa Oregon State University ankalimbikitsa balere wa mtundu wotere, woti mlimi angamufese chisanu chisanabwere, ndipo munda ukafa angafesenso mbewu yomweyo chisanu chitapita. Sabata yofunda ya mu Januwale ingapusitse mmera wowerenga kuzizira kokha, koma kutalika kwa tsiku la 15 Januwale ku Oregon kapena ku Kharkiv n'chimodzimodzi chaka chino, chaka chatha ndi chaka chamawa, ndipo mmera womvera dzuwa umakhalabe phee m'phata mpaka masiku atatalikadi.